Pasipoti yanga ndi sukulu ya za makutu

Amayi, kumene muliko kukuyenda bwanji? Ndine Tadala wanu. M'thupi ndili bwino, koma mtima sunakhale m'malo masabata ano, ndiye ndati ndikulembereni.

Ndiyambe ndi zabwino. Alamu anga, akazi a achimwene a Limbani, achira mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndinamuyeza makutu ndekha kuntchito kwathu asanathe sabata, onse awiri akumva bwinobwino. Ku Dedza amayi aang'ono akumba kachewere wambiri chaka chino, ngakhale chimanga chinapserera. Kuno ku Kawale madzi akuvutabe, ndipo mpanda wakuseri uja unagwa ndi mvula.

Tsono nkhani imene yandilembetsa. Mukudziwa kuti ndinalowa ntchito ya za makutu chifukwa cha khutu lanu lakumanzere lija, limene linafa ife osazindikira, anthu kumsika n'kumati ndinu amatama, simuyankha moni. Lero akuluakulu ndimawayeza n'kuwaika makina othandizira kumva popanda vuto, koma akandibweretsera khanda lobadwa losamva, nzeru zimandithera msanga. Ndiye ndinaganiza zokachita digiri yachiwiri. Chaka chatha ndinalembera yunivesite ina ya ku South Africa. Anandipanikiza ndi mafunso pa kompyuta mpaka thukuta kamukamu, nandiuza mosabisa kuti ndi zaka ziwiri, masiku ambiri ndili m'chipatala ndi odwala, wondiyang'anira ali pambali. Atatero anangoti zii.

Ndili m'kati modikira, achimwene anabwera kunyumba ndi abambo Kachingwe, amene amapemphera nawo ku Area 25. Munthu wa suti yosalala, wolankhula motsitsa ngati akukupepesa maliro.

"Achemwali, zaka ziwiri n'zachiyani?" anatero abambowo. "Ine ndili ndi sukulu ku Ulaya, chaka chimodzi basi. Mayeso olowera palibe, ntchito ndi yokonzeratu. Mungondipatsa pasipoti ndi masatifiketi enieniwo, osati mafotokope, lisanafike Lachisanu."

Ndinakumbukira zimene munkandiuza tikugulitsa zitenje, kuti wogula akamatamanda nsalu mopitirira, ndiziyang'ana manja ake. Ndinawapatsa tiyi n'kuyamba kufunsa.

"Kodi ophunzira kumeneko amawayang'anira ndani akamaona odwala?"

"Zonsezo mukaziona konko."

"Nanga makina oyezera makanda ali nawo?"

"Makina ndiye osanena. Pobwerako mudzatsegula situdiyo yanuyanu, oimba a mu Lilongwe muno azidzajambulira kwa inu."

Amayi, munthuyu anasokoneza mawu akuti audiology, za makutu, ndi audio, ankayesa kuti ndikufuna kukaphunzira kujambula nyimbo. Sukulu akuti amaidziwa bwino, koma zimene amaphunzitsa kumeneko sakuzidziwa. Achimwene anaseka, nati abambo angosokoneza pang'ono, ndisataye mwayi chifukwa cha mawu amodzi. Poona nkhope yanga, a Kachingwe anawonjezera kuti chaka chatha anatumiza namwino wina wa ku Biwi, dzina lake Mphatso, ndipo panopa akumangira makolo ake nyumba.

Pasipoti ndi masatifiketi sindinawapatse. Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Biwi, n'kufunsafunsa mpaka ndinapeza amayi ake a Mphatso akugulitsa makala pakhomo. Nyumba yomangidwayo sindinaione. Nditatchula dzina la a Kachingwe, anaika pansi mbale yoyezera makala n'kundilowetsa m'nyumba.

"Sukulu yake iti, mwana wanga?" anandifunsa. "Mphatso akusambitsa nkhalamba m'nyumba ya munthu. Pasipoti anamulanda tsiku lomwe anafika. Akaimba foni amanong'ona, sindimva n'komwe ngati akudya."

Ndinati bwanji osakanena. Anati a Kachingwe anawaopseza kuti akangoyerekeza, mwanayo akamangidwa konko. Ndinawasiyira nambala yanga, ndipo Lolemba tinapitira limodzi kupolisi. Analemba zonse m'buku. Ngati achitapo kanthu sindinamvebe.

Chimene chikundiwawa si a Kachingwe ayi. Ndi achimwene. Ndisanapite ku Biwi anali atandifunsa kawiri kuti ndikachoka m'nyumba yanu ino mutsala ndani, nati pali anthu ofuna lendi. Nditawafotokozera za Mphatso ndinawafunsa maso ndi maso kuti, "Achimwene, munkadziwa?"

Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Iwe Tadala, chilichonse umachikayikira. Watengera amayi."

Sanati inde, sanati ayi. Mwina anangopusitsidwa ngati ena onse, pakuti inu mukuwadziwa mmene amakhulupirira aliyense wonyamula Baibulo. Mwina analonjezedwa kenakake. Ndimati ndikawaona atanyamula kamwana kawo, ndimadzida ndekha chifukwa chowaganizira zoipa. Koma akangotchula za nyumba, maganizo aja amabwereranso.

Kalata ya ku South Africa inafika sabata yatha, akuti anditenga. Musaganize kuti ndinavina. Ndinaiwerenga kanayi, kufunafuna pamene pabisala bodza. Ndinapita nayo kwa amayi Nyirenda, abwana anga kuntchito, amene salola ngakhale cholembera kusowa pa tebulo pawo. Anaimbira mnzawo amene anaphunzira komweko, ine ndili pomwepo, n'kundipatsa foni kuti ndifunse ndekha. Ndinafunsa za aphunzitsi, za zipatala zimene amatumizako ophunzira, ngati pepala lawo limavomerezedwa kuno kwathu, ndiponso ngati pali amene amasunga mapasipoti a anthu. Mayiyo anaseka nati pasipoti ndi yanga, ndizigona nayo ngati ndikufuna. Anandichenjezanso kuti mphunzitsi wa za makanda ndi wovuta, anamubwezera ntchito yake katatu. Pamenepo m'pamene mtima unayamba kutsika, chifukwa aka kanali koyamba munthu kundiuza choipa cha malo amene akunditumizako.

Ndavomera, Amayi. Ndinyamuka mu Januwale. Makiyi a nyumba ndasankha kuwasiyira amayi aang'ono, abwere adzakhalemo ndi adzukulu awo amene akuyamba sekondale. Achimwene ndawauza dzulo. Anangoti chabwino, osandiyang'ana, ndipo potuluka sanatsanzike. Ngati ndawalakwira, ndidzawapepesa ndikadzadziwa zoona zake. Pakadali pano sindingathe kunamizira kuti ndikudziwa.

Ndisananyamuke ndibwera ku Dedza kudzalambula pamanda panu, ndipo achimwene ndiwapempha tidzabwere tonse. Akakana ndibwerabe ndekha.

Ndimakukondani, ndipo ndikulonjeza kuti ndikamaliza ndidzabwerera kuno kwathu.

Ndine mwana wanu,
Tadala