Thobwa Limene Ndinamwa kwa Tengani

Lolemba, 17 Febuluwale 1992. Chikwawa.

Ndatsika phiri cha m'ma 10 koloko. Kutentha koopsa. Kuyambira pa mlatho mpaka pa boma chimanga chapsa chiimirire. Chofika m'chiuno, ngayaye zoyera, chisononkho n'chimodzi chomwe. Mvula yomaliza inagwa sabata yoyamba ya Januwale.

Chimanga changa. Ndalemba choncho kuti ndizolowere. Bungwe ndi la azungu, inde, koma ntchito ya Chimanga kwa Onse ndinaiganiza ndine, Leonard mwana wa kwa Tengani, nditakhala pansi pa fani ku ofesi ya ku Harare. Maiko anayi, mapu amodzi pakhoma. Mbewu ya haibulidi, thumba la feteleza, ndi lamulo limodzi: wolandira adzale chimanga chokhachokha, osasakaniza ndi china. Ku Chipata zinayenda, ku Mutare zinayenda. Ndiye ndinati kwathu kuchigwa kulekeranji.

Mkulu wina wa chipani wandikokera pambali. Mu lipoti musalembe mawu oti njala, akutero, muno mulibe njala. Ndilembe kuti chakudya chaperewera pang'ono. Ndagwedeza mutu ngati gulo.

Priska, mlangizi wathu wa ku Nsanje, wabwera kudzandichingamira. Sanandikumbutse kalata yake ya mu Seputembala, ija ankati chigwa si Chipata. Ndinaiyankha ndi mizere iwiri. Bola akanandikumbutsa.

Lachiwiri, 18 Febuluwale. Bangula.

Ku Nchalo mizimbe yobiriwira, mipope ikuwaza madzi. Kungodutsa mpanda wa esiteti, phulusa.

Apo ndi apo timinda ta mapira. Masamba apindika koma mitengo ili chilili. Priska akuti, “Mapira amagona, bwana. Chimanga chimafa.” Zimenezi ndinkazidziwa ndisanayambe n'komwe sukulu. Ndinaziiwalira kuti? Mwina ku Ulaya, mwina m'ndege.

Chakudya chibwera, chimanga chachikasu chili pa sitima. Chimene sichibwera pa sitima ndi mbewu ya mapira yodzala mu Novembala. Ndafunsa ngati anthu a kwathu anasungako. Priska wayang'ana pawindo. Akuti ndikafunse achemwali anga.

Mapira a amayi. Oyera, aatali kupitirira denga, a mtundu wa thengalamanga. Anabwera nawo pa ukwati wawo, atamwalira anatsala ndi achemwali Evelesi. Chaka chilichonse ngala zosankha zimapachikidwa m'khitchini pamwamba pa moto kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Njala ya 1949 amayi anadya mizu koma ngalazo sanazikhudze. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera mu mowa wa mapira omwewo.

Tulo sindikuyembekeza.

Lachinayi, 20 Febuluwale. Kwa Tengani.

Achemwali aonda. Mpango kumutu, mapazi ong'aluka, kuseka komwe kuja. Amuna awo anamwalira kalekale, panyumba pali iwo ndi zidzukulu zitatu. Andiyalira mphasa, andigwadira. Akunditchula kuti bwana. Munthu amene ankandibereka kumsana, amene ankandikwapula ndi kamtengo ndikaba misale! Dzina loti Lenadi linatha chaka chimene ndinabwera ndi galimoto.

Chakudya: nyika zophika, timizu ta maluwa a m'madzi. Akumapita ku dambo m'mamawa, madzi ofika pachifuwa, kukazula ndi zala za kumapazi. Mayi wina wa mudzi wapafupi anagwidwa ndi ng'ona sabata yatha. Anena ngati akunena za mtengo wa sopo.

Ndinabweretsa shuga, mpunga, mafuta. Awomba m'manja kuthokoza m'Chisena, “Takhuta, takhuta.” Manyazi andigwira.

Ndinalowa m'khitchini ngati ndikufuna madzi. Ndayang'ana kudenga. Mwaye wokha, ndi kachingwe kakulendewera. Sindinafunse. Ine amene ndimafunsa nduna za maiko anayi mafunso.

Lachisanu, 21 Febuluwale.

Ndafunsa.

Ayamba ndi kundikumbutsa msonkhano wa mu Okutobala, pansi pa mtondo wa pasukulu, tsiku lolemba maina. Ndinavala tayi. Ndinati mapira ndi chakudya cha mbalame, ndi chizindikiro cha umphawi, nthawi yake yatha. Anthu anaseka, anaomba m'manja. Ineyo ndinangofuna mawu okometsera msonkhano. Achemwali anali kutsogolo, anamva zonse, ndipo anakhulupirira. Mlongo wawo wophunzira anganame?

Ndiye mu Novembala, pomva kuti ndikubweranso ndi lole ya mbewu, ndi mzungu wa kulikulu, ndi a chipani, anaganiza za chowalandirira alendo. M'nkhokwe munalibe kanthu. Anatsitsa ngala zija. Kupuntha, kuviika, kufundika ndi masamba mpaka kumera, kuyanika, kusinja. Chimera. Thobwa la mbiya ziwiri.

“Ndinati poti sizidzadzalidwanso, bola zilandire mwana wa amayi. Mbewu munamwa ndinu, achimwene. Munatinso lakoma.”

Sananene mokwiya ayi. Akanakalipa ndikanapeza pogwira.

Ndikukumbuka bwino. Makapu awiri. Ndinauza mzungu uja kuti thobwa lotere silipezeka Harare yense. Ndinapemphanso la m'botolo lomwera m'njira, linasasa tisanafike ku Ngabu, ndinalitaya pawindo.

Ndapita kumanda kwa amayi. Ndaima, ndabwerako. 

Lamulungu, 23 Febuluwale.

Dzulo ndi lero khomo ndi khomo, ine ndi Priska. Midzi isanu. Funso limodzi: ndani watsala ndi mapira oyera ambewu? Yankho limodzinso. Palibe, bwana, ife ndi a chimanga chokhachokha monga munanenera.

Ambiri akunena zoona. Ataona kuti mlongo wake wa bwana watsitsa mbewu, nawonso anatsitsa. Ena mwina anabisa, koma angaulule kwa ine? Munthu wa Landirova, buku m'manja. Akuona ngati ndabwera kudzagwira osakaniza mbewu kuti ndiwafufute pa mndandanda wa chimanga chachikasu. Lamulo lofufuta ndinalemba ndekha, ndime yachitatu. Msampha wanga wandikola mwendo.

Pakhomo pena ndinapusa, ndinatulutsa chikwama. Mayi wachikulire anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tayi. Anafunsa Priska ngati ndilidi mwana wa malemu Nachanza. Kuno mbewu ya mapira sagula. Mkazi amakapempha kwa mkazi mnzake, atakhala pansi, ndipo akakolola amabweza ngala zabwino koposa. Mwamuna salowererapo. Ndinakulira m'zimenezi. Safunsa anadya phula.

Ku Harare akuti kampani ina ingatumize mapira ofiira aafupi, matani ambiri. Ndauza achemwali. Akuti amawadziwa, ufa wake ndi wowawa, samakhalitsa m'nkhokwe, phesi lake sungamangire ngakhale khola la nkhuku. Atero, kenaka aonjeza msanga kuti koma ngati abwana mwasankha amenewo tidzadzala. Mawu amenewo andipweteka kuposa onse.

Lachitatu, 26 Febuluwale. Nsanje boma.

Masiku atatu pa telefoni ya ku positi. Malole aima ku Lusaka. Ku Beira nkhokwe yathu yabedwa theka. Ku Masvingo ng'ombe zikufa, akufuna ndipiteko Lolemba. Kulikulu akufuna lipoti, makamaka gawo la malangizo a chaka chamawa. Akuti ntchito yathu ndi chitsanzo, chilala si mlandu wa munthu. Zoona. Ndikhoza kubisala kumbuyo kwa chilala moyo wanga wonse, palibe angandiloze chala.

Mutu ukuwawa. Mapiritsi awiri a Kamoquine.

Masana Priska wabwera ndi nkhani. Wakumbukira Jesinta, mayi wothawa nkhondo wa ku Mutarara. Anawoloka malire mu 1987 ndi ana awiri ndi poto mmodzi. Sanapite ku kampu. Achemwali anamudulira kachigawo kumapeto kwa munda wawo wa kumtunda, n'kumupatsa ngala zinayi za mapira a amayi. Pa mndandanda wa chimanga Jesinta sanalembedwe. Othawa kwawo amalandira chakudya, osati mbewu, chifukwa mwalamulo alibe munda. Ndime yachisanu. Yanganso.

Ndiye iye, poti tinamusiya kunja, anadzala zomwe anali nazo.

Ndaseka ndekha mpaka wa pa resitihausi anasuzumira. Kuseka kosakoma.

Loweruka, 29 Febuluwale. Kwa Tengani.

Galimoto ndinaisiya pamsewu, tayi m'thumba. Ola limodzi wapansi.

Alipo. Kamunda kochepa, koma alipo. Masamba akumunsi auma, nsonga zamoyo, zina zayamba kutulutsa ngala chifukwa cha kamvula ka Lachinayi. Mbali inayi chimanga changa chafa. Ndinagwira phesi limodzi.

Jesinta anali pa nsanja akuingitsa mbalame ndi zitini za pachingwe. Wamfupi, wakuda bii, maso osaopa munthu. Anatsika, anapereka moni mwaulemu. Ndinafotokoza zambiri, Chisena changa chadzimbiri, za bungwe, za kuchulukitsa mbewu, za midzi makumi awiri, za kumulemba pa mndandanda mwapadera. Anamvetsera mpaka ndinatha. Wavomera kuti mbewu ilipo ndithu yotsala ya chaka chatha, mu chikho chomata ndi phulusa.

Kenaka anakana: “Nkhabe, baba. Mbeu ndi ya mai Evelesi. Abwere okha. Imwe mwabwera na buku.”

Buku ndinali nditalisiya m'galimoto. Analionabe.

Ndauza achemwali madzulo. Apitiriza kusenda nyika. Kumunda kwa Jesinta sanapondeko chiyambire Novembala. Ankamuseka pamodzi ndi anzawo kuti akudzala za mbalame, anamuuzanso kuti azule. Tsopano mwini nthaka akagwade kwa mlendo amene anamulandira ali ndi poto mmodzi? Akuti mudzi wonse udzamva. Akuti bola adzale ofiira aja.

Ndinati ndikawaperekeza pa galimoto. Anandiyang'ana kamodzi. Za galimoto ndinazisiya.

Ku Masvingo sindipita Lolemba. Anene zonena.

Lachiwiri, 3 Malichi.

Tsiku lokumbukira ofera dziko. Ntchito ayi, kulima ayi, wailesi nyimbo zamaliro zokhazokha. A yufi akuzungulira kuona amene wagwira khasu. Mudzi uli zii.

Podzuka ndinapeza achemwali kulibe. Zidzukulu sizikudziwa. Ndinaopa za ku dambo. Ndinakhala pakhonde ndi mapepala a lipoti, osalemba kanthu, maso kunjira.

Abwera dzuwa lili pamutu. Wapansi, okha, fumbi mpaka m'maondo. Asankha lero dala, poti aliyense ali m'nyumba. Maso ofiira. Kumsana kachitenje komanga mfundo, ngati mwana wakhanda. Zimene anakambirana ndi Jesinta sananene, ndipo sindidzazidziwa.

Analowa m'khitchini, ndinawatsatira. Anamasula pang'ono. Ndinaona ngala zinayi, zoyera, zonunkha utsi wa nyumba ya wina. Jesinta sanawapatse za m'chikho ayi, wabweza monga analandirira. Dzanja langa linapita lokha. Ndinangofuna kukhudza, Mulungu akudziwa. Mwinanso m'mutu ndinali nditayamba kale kuwerenga njere, midzi, maekala.

Anabweza kachitenje kumbuyo kwawo.

“Lenadi, tuluka. Ndifuna kupachika. Ndipo izi usakazilembe m'mabuku ako.”

Lenadi. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikulilakalaka dzina limenelo.

Ndatuluka. Atseka chitseko. Ndinamva akukoka mtondo kuti akwerepo, denga ndi lalitali kwa iwo, ine ndikanangotambasula mkono. Sanandiitane.

Ndili pakhonde. Utsi ukutuluka m'udzu wa denga. Tsamba lomaliza la lipoti lili pabondo, mutu wake malangizo a chaka chamawa, mizere khumi yopanda kanthu. Maiko anayi akudikira. Ndalemba nambala 1, ndaika kadontho, ndipo ndalekera pomwepo.