Phazi la Lemmy

Kabwata, Lusaka
Okutobala 1984

Okondedwa alongo anga a Hector,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji ku Katete, nanga chifuwa cha amayi chalekako? Ife kuno tilipo, kungoti mizere ya ufa ndi sopo yatimaliza miyendo.

Nkhani yanga nayi. Azimayi a kutchalitchi kwathu tinakonza chionetsero cha zithunzi zojambula pamanja, kuti zikagulidwa tigulire mabulangeti anthu ogona m'makhonde a masitolo. Ojambula ake anali a Chishimba, aphunzitsi a ku Chelstone, ndi anzawo. Yanga inali ntchito yopachika zithunzi ndi kuthira tiyi.

Chithunzi china chinali cha munthu wogona ku Kamwala, atafunda saka kumutu, mapazi ali pamtunda. Phazi lamanzere linalibe chala chachikulu. Alongo, ketulo inatsala pang'ono kundipulumuka. Phazi limenelo ndinalimanga ndine ndi nsanza, tsiku lija khasu linatema mng'ono wanu Lemmy.

Mayi wina wa ku Kabulonga anachigula msangamsanga. Akuti chamukomera poti nkhope sikuoneka, ndiye sichidzasowetsa mtendere alendo ake akamadya. Ine ndinamuthirira tiyi, ndi shuga yemwe.

M'mawa mwake a Chishimba anandilondolera pamalopo. Lemmy ndinamupeza akutola makatoni, wawonda koopsa. Inu mumauza amayi kuti ali pantchito ku migodi ya ku Kitwe, chikhalirecho munamuthamangitsa nokha chifukwa cha ng'ombe ija anagulitsa mobisa. Inde analakwa. Koma ng'ombeyo anthu anadya kalekale, ndipo ine ndakwiya nanu, sindibisa.

Kunyumba kwanga wakana kubwera, akuti sangaonekere kwa alamu ake ali chotero. Tsono kwamveka kuti chikondwerero cha ufulu chisanafike, onse ogona m'tauni adzawakweza m'malole kuti alendo asawaone. Kumene adzawatsitse palibe akudziwa, ndipo akapita sindidzamupezanso.

Pempho langa ndi limodzi. Mumulembere ndi dzanja lanu kuti abwere kumudzi, kalatayo mupatsire aliyense wokwera basi sabata ino. Za ulendo wake ndiona ndine. Mawu anga sakuwakhulupirira, akufuna anu.

Nditamuuza kuti ndikulemberani, anati, "Ba sisi, ngati ba Hector bakana, osabauza amai. Basiyeni baziganiza kuti nili ku migodi."

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Lena, kwa amalume a Nicodemus ndi ana onse. Amayi akafunsa zimene ndalemba, muwayankhe nokha. Ine ndikadzabwera pa Khirisimasi adzandifunsa za mwana wawo, ndipo bodza lanulo sindidzakusenzerani.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Petronella