Abwere Lachisanu

Lachitatu, mwezi wa Julayi, kwathu ku Ngala. Tsiku lonse mtima wanga wakhala ukuwira.

M'mawa ndaona kuti pepala la kafukufuku wathu latuluka. Dzina la a Dokotala, bwana wanga wa ku yunivesite, lili pamwamba. Langa aliponya kumapeto, pamene amathokoza "othandiza". Timasensa ta kafukufukuyu, tizipangizo toyeza mpweya wa m'madzi a m'nyanja, ndinatijambula ndine, n'kutipanga pa makina a 3D mpaka maso kuwawa, poti n'tating'ono ngati njere ya mpunga. Ndimadalira pepala lomweli kuti andilembe ntchito ya uphunzitsi.

Masana andiimbira foni ngati palibe chachitika. "Amina, Lachisanu ndibwera ndi alendo amene amatithandiza ndi ndalama. Uwauze amalume ako akonze boti, tidzanyamuke 12 koloko, ndikawaonetse masensa anga."

Akuti masensa awo.

Ndangoti, "Chabwino, bwana." Sindinawauze kuti Lachisanu nthawi imeneyo amalume ndi anyamata awo onse amakhala ali ku mzikiti ku mapemphero a Juma, ndipo boti silikankhidwa ngakhale atabwera ndani. Munthu amene anapondapo mchenga uno akanadziwa. Amalume nditawafotokozera angoseka, n'kufunsa ngati a Dokotalawo akudziwa n'komwe malo amene tinamangirira timasensato. Sakudziwa.

Abwere. Adzaime pagombe ndi suti yawo, alendo akuyang'ana wotchi. Mafunso akadzawakulira adzatembenukira kwa ine, ndikuwadziwa. Ndidzapinda manja mwaulemu, maso pansi, n'kuti, "Pepani bwana, wothandiza angadziwe chiyani?"