Njinga Inalira Itazizira

Kwa Zulu, Mchinji
Novembala 2024

Achimwene a Elias,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kumeneko ku Balaka. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kudimba? Kuno thupi lili bwino. Mlamu wanu Millicent nayenso ali bwino, akupita kukaphunzitsa monga mwa masiku onse, ngakhale kalasi yake chaka chino ndi ya pansi pa mtengo. Mukaimba foni ndimangoti zonse zili bwino chifukwa zimene ndikufuna kunena sizituluka pakamwa. Ndiye ndaona kuti ndilembe, Eneya adzakupatseni pamanja akamadutsa kumeneko ndi lole yake. Muwerenge muli nokha.

Dzuwa latiwotcha chaka chino. Zitsime zambiri zaphwa, mjigo wa pasukulu ndi umene ukumwetsa midzi yonse yozungulira, moti amayi amakanganirana pamzere. Nkhuku zathu zinatha ndi chitopa, yatsala imodzi yokha yosaikira. Petulo akusowa, pa Kamwendo tikudalira wa m'mabotolo wochokera ku Zambia. Koma izi ndi zazing'ono.

Mukukumbukira njinga yamoto imene ndinakutumizirani chithunzi chake, yaitali ija ya matayala a mano? Bungwe limene linatipatsa linatseka ntchito zake kuno, njingayo n'kutisiyira. Ndiyo miyendo yanga. Midzi imene ndimayang'anira ngati mlangizi wa zaumoyo ili kuseri kwa dambo, njira zake ndi mchenga wokhawokha, ndipo galimoto siifikako chisawawa. Sikelo ya ana, katemera, odwala ofunika kuthamangira nawo kuchipatala, zonsezi ndi pa njinga imeneyi.

Kunja kutayamba kutentha, inayamba khalidwe lachilendo. M'mawa ndikangoponda kamodzi, yalira. Ndikayenda mtunda wautali, makamaka mumchenga momwe ndimakhalitsa pa giya yaing'ono, imayamba kudukiza ngati munthu wa chifuwa, mphamvu n'kutha, kenako zii. Ungaponde mpaka thukuta kulowa m'maso, siilira. Koma ukaisiya pamthunzi mpaka injini itazizira moti n'kuikapo dzanja, imalira ngati sinalakwepo kanthu.

Ndinapita nayo kwa a Kwacha, makaniko wa pa Kamwendo, munthu wodekha amene amakonza njinga za akabaza ambiri kuno. Chovuta chinali chakuti ikafika kwa iwo inkakhala ikulira bwinobwino, ngati mwana amene amachira akangoona chipatala. Tinayamba ndi kukayikira petulo wa m'mabotolo uja. Anamasula kabureta, anaitsuka, anapezamo timchenga pang'ono, anasinthanso kasefa ka petulo. Inazimanso. Tinaika pulagi yatsopano ngakhale yakaleyo inali yosada, nsonga yake yofiirira monga mumanenera kuti ndi mmene iyenera kuonekera. Inazimanso. Ndinakumbukira zimene munandiphunzitsa, kuti kabowo kopumira ka pachitsekero cha thanki kakatsekeka petulo satsika. Tsiku lina itazima ndinatsegula chitsekerocho khutu lili pafupi, sindinamve mpweya uliwonse, ndipo petulo ankatsika bwino mupaipi. Oyilo naye anali wokwanira.

Pomaliza a Kwacha anayeza mavalavu n'kupeza kuti ndi othina. Anandifotokozera kuti chitsulo chikatentha chimafufuma, valavu yothina siitsekanso bwino, injini n'kutaya mphamvu. Zinamveka ndithu. Anawamasulako pang'ono, ndipo masiku otsatira njinga sinazime. Lero ndi pamene ndikuona kuti masiku amenewo kunali mitambo, ndipo maulendo anga anali aafupi. Koma pa nthawiyo tonse tinati matenda tawapeza.

Ndiye kunabwera tsiku la Mayeso. Anali mwana wa zaka zitatu, wa mayi wina dzina lake Dyna, wa m'mudzi wa kumapeto kwenikweni kwa dera langa. Bambo a mwanayo, a Cyprian, amagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Zambia. Dyna anafika naye ku kachipatala kanga ka m'mudzi dzuwa lili pamutu, khanda lake atalisiya kwa mlamu wake. Mwanayo thupi linali moto, akukomokakomoka. Nditamuyeza pachala ndinapeza malungo, ndipo m'zikope mwake munali mbee, kusonyeza kuti magazi achepa. Ndinamupatsa mankhwala omugwiriziza panjira. Ambulansi inali kutali ndi wodwala wina, ngolo ikanatichedwetsa. Ndinauza Dyna kuti amumange mwanayo pachifuwa ndi chitenje, akwere kumbuyo kwanga, mwana akhale pakati pathu.

Dambo tinalidutsa bwinobwino. Kutentha kwa mwanayo ndinkakumva pamsana panga. Titalowa mumchenga wautali wa kuseri kwa zigafa zakale, kumene kulibe nyumba ngakhale imodzi, njinga inadukiza. Ndinaichonderera chamumtima. Inadukizanso, n'kuzima.

Achimwene, ndinaponda. Ndinaponda mpaka nsapato inang'ambika. Ndinatsegula thanki, ndinagwedeza mawaya, ndinathira pa injini madzi akumwa amene ndinali nawo, anangoti tswee n'kuuma. Ndinayesa kuikankha kuti ilire ndi giya, koma mumchenga tayala linkangokwekwereka. Foni pamalopo siigwira. Ndinamutenga mwanayo m'manja n'kuyamba kuthamanga naye kulowera kumsewu waukulu, Dyna akubwera pambuyo panga. Sitinafike patali. Mwanayo anakomokanso, thupi lonse kuuma gwaa, kenako anafewa. Ndinamugoneka pansi pa mtengo wa mango, ndinachita zonse zimene tinaphunzitsidwa, koma anali atapita.

Dyna sanalire nthawi yomweyo. Anakhala pansi, anamupukuta fumbi kumaso, anamufunditsa chitenje mpaka kumutu. Patapita kanthawi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Adokotala, tibwezeni kumudzi. Kuchipatalako tikatani?"

Tinabwerera pomwe tinasiya njinga, ine nditanyamula mwana, dzuwa litapendeka. Maganizo anga anali oti ndiikankhire patchire, ife tiyende wapansi. Sindikudziwa chimene chinandichititsa kuti ndiponde. Ndinaponda kamodzi kokha, inalira. Inalira bwino, mofatsa, ngati m'mawa. Dyna anaiyang'ana. Tinakwera monga tinakwerera pobwera, mwana ali pakati pathu, ndipo sinadukize ngakhale kamodzi mpaka pakhomo pawo. Amayi a m'mudzimo atamva kulira kwa njinga anatuluka akuganiza kuti tayiwala china chake.

Pamaliro palibe amene anandinena. A Cyprian atafika kuchokera ku Zambia anandigwira dzanja ndi manja awiri, anati amva kuti ndinathamanga ndi mwana wawo m'manja, Mulungu andidalitse. Akanandilalatira mwina ndikanapeza pogwira. Koma anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pansi.

Maliro atatha ndinabwerera kwa a Kwacha. Ndinawauza kuti sindichoka mpaka njingayo izime pamaso pawo. Anatseka shopu yawo, tinaitenga masana kumsewu wa fumbi wa kuseri kwa msika, ine ndikuyendetsa pa giya yaing'ono, kupita ndi kubwera, iwo akudikira sipanala ili m'manja. Itangozima anamasula pulagi ataigwira ndi kansanza chifukwa inkawotcha, anaigunditsa pa injini, ine n'kuponda. Panalibe moto, ngakhale kakang'ono. Tinakhala pansi kudikira kuti izizire. Itazizira tinayesanso, moto unathetheka wabuluu. Apo m'pomwe tinadziwa kuti nthawi yonseyi tinkafunafuna ku petulo ndi kumavalavu pamene vuto lili kumagetsi.

Anabwereka koyilo ya pulagi pa njinga ina, inazimabe. Anabwerekanso kabokosi kakuda kamene kamalamula moto, chimodzimodzi. Kenako anatsegula chivundikiro cha kumanzere kwa injini. Koyilo ya m'kati, imene imapanga magetsi opita ku pulagi, inali yoderako mbali imodzi, ikununkha waya wopsa. Anaiyeza ndi kamita kawo ili yozizira, inaonetsa kuti ili bwino. Anakaiyandikiza pamoto wa chiwaya cha tchipisi mpaka itatentha, atayezanso mita sinaonetse kanthu. Akuti kawaya kena m'kati mwake n'koduka. Kakazizira nsonga zake zimagundana, kakatentha zimatalikirana. Kawaya kochepa ngati tsitsi, achimwene. Ndinaiyang'ana koyiloyo ili m'manja mwawo, kenako ndinapita kukaima ndekha kuseri kwa shopu.

A Kwacha nawo sizinawakomere. Anati akanayenera kuyesa moto ili yotentha poyamba pomwe. Ndinawayankha kuti ine ndi amene ndinkakhala nayo ikazima, ndipo sindinkayenda ndi sipanala ya pulagi. Tinasiyira pomwepo, chifukwa kugawana mlandu sikudzutsa munthu.

Koyilo yotere kuno kulibe. Pa Kamwendo ndi kuboma kuli za tinjinga ta akabaza, mabowo ake sagwirizana. A Kwacha anawoloka mpaka ku Chipata, anabwerako chimanjamanja. Munthu wina wa ku Lilongwe anatilonjeza, tsopano foni sakuyankha. Akuluakulu anga nditawauza anandimvera chisoni, koma anati njingayo siili m'manja mwawo popeza inali ya bungwe. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Panopa njingayo yaima pabalaza, nditaifunditsa thumba. Ndikuyenda pa yakapalasa ya Millicent, iye akupita kusukulu wapansi. Kumidzi yakutali ndimafika amayi ena atatopa kudikira n'kubwerera ndi ana awo. Katemera sindingapite naye kutali chifukwa madzi oundana a m'bokosi amasungunuka ndisanafike. Ndikamadutsa pamtengo wa mango uja ndimatsika n'kuyenda chokankha, sindikudziwa chifukwa chake. Millicent akuti ndaonda, ndipo akuti ndikakhala pa chakudya ndimangoyang'ana khoma. Ndaganizapo zosiya ntchito, ndibwere kumeneko ndizidzakupatsirani masipanala pagaraja. Kumeneko chinthu chikazima, mwini wake amangokwiya basi.

Dzana kunali sikelo m'mudzi mwa Dyna. Anabwera ndi khanda lija, dzina lake Rozi. Nditamaliza kumuyeza, Dyna anandifunsa motsitsa mawu ngati njinga yakonzedwa. Anati mvula ikayamba udzudzu uchuluka, ndipo dambo likadzaza palibe wakabaza amene amalola kufika kwawo. Sanafunse mondinyoza ayi, ankafunadi kudziwa. Ndinamuuza kuti tikuyesetsa. Anagwedeza mutu, anabereka mwana wake, anapita.

Pempho langa ndi limodzi. Koyilo yakufayo ndamupatsira Eneya, ili m'kajumbo pamodzi ndi kalatayi. Muifunefune kwa anzanu ophwasula njinga ku Limbe kapena ku Ndirande, ngakhale yakale, bola yamoyo. Mukaipeza musaitumize. Mubwere nayo nokha, mudzaiike ndi manja anu, mudzaiyendetse masana mumchenga uja mpaka mutakhutira. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi ya kumunda ndipo garaja simungaisiye chisawawa. Sikuti ndikuwakayikira a Kwacha. Koma sindikuona kuti ndingakwezenso mwana wa munthu pa njingayi pokhapokha inu mutandiuza kuti kwera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mtedza wawo ndawasungira. Moni kwa alamu, kwa Tiyamike ndi azing'ono ake, kwa amalume ku Utale ndi azakhali onse. Achemwali akabwera kudzacheza muwauze kuti sindinawaiwale. Millicent akuti moni kwa nonse.

Pamene ndikumaliza kulemba, kumadzulo cha ku Zambia kwada bii, mphezi zikung'anima. Anthu atuluka panja, akuitanizana mosangalala, ena ayamba kale kutulutsa mbewu. M'mudzi wonse uno ndikhulupirira ndine ndekha amene ndikupempha kuti mvulayi ichedweko.

Ndine mng'ono wanu,
Patrick