Manja a abambo a ku Simlemba

Lachitatu, m'Febuluwale. Mvula masana onse, ndipo ndatopa.

Kalata ya ku koleji yafika m'mawa. Akufuna kuti chaka chamawa ndilandire madokotala asanu ndi mmodzi odzaphunzira udokotala wa mabanja. Panopa ndili ndi awiri, ndipo wowaphunzitsa pachipatala pano ndine ndekha.

Masana Tadala, mmodzi wa awiriwo, amaona abambo a ku Simlemba omwe amasanza ndi kumva chizungulire. Magazi sanaonetse malungo, koma ndinamupeza akulemba mankhwala a malungo. Ndinawagwira manja abambowo. Anali akuda bii, akumata ndi utomoni.

"Bambo, m'mawa munali kuti?"

"Kothyola fodya, adokotala, mame asanakamuke. Malaya ndinavula kuti asathimbirire."

Ndinamufotokozera Tadala kuti ululu wa fodya wonyowa umalowera pakhungu. Abambowa amangofunika kusamba, diripi ndi kupuma.

"Manjawo sindinawayang'ane," anatero, maso ali pansi.

Sindikumuda. Anakulira m'tauni, sanathyolepo tsamba ndi limodzi lomwe. Koma ndinaziona chifukwa ndinali pambali pake. Akakhala asanu ndi mmodzi, ndidzaima pambali pa ndani?

Kukana sindingakane, madokotala tikuwafuna. Ndawayankha a ku koleji kuti abwere anayi, ndipo anditumizire mphunzitsi mnzanga. Akakwiya, akwiye.

Loweruka ndikupita naye Tadala ku Simlemba. Abambo aja alonjeza kumusiyira mzere wakewake woti athyole. Ndamuuza kuti malaya asavule.