Siling'i Ija Ndinapenta Ndine

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tiliko, ntchito yanga yopenta nyumba ikuyenda. Khosi lokhali ndi lomwe silikumva mankhwala.

Adokotala akuti alumikize mafupa awiri a m'khosimu ndi kachitsulo. Ululu ukhoza kuchepa, koma zoyang'ana kumwamba tsiku lonse ndiiwale. Ndinawafunsa kuti, "Nanga siling'i ndizipenta nditawerama?" Iwo anaseka, ine ayi.

Koma tamvani izi. Atandigoneka chagada kuti andipime, ndinaizindikira siling'i ya chipinda chija. Ndinaipenta ndine, ndisanakwatire n'komwe! Mpaka lero sinasuluke, sinakanganuke ngakhale pakona. Nditawauza, adokotala anakweza maso n'kunena kuti, "Bambo, dzanja lanu ndi labwino."

Dzanja lomwelo layamba kuchita dzanzi. Lachiwiri lapitali bulashi inandipulumuka ndili pamakwerero. Mayi a ana sakudziwa, inunso musawauze kaye.

Adokotala andipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti ndiganize. Ine ndawafunsa chimodzi chokha: chipinda cha opaleshonicho anapenta ndani? Sindikufuna kukatseka maso ndikuyang'ana ntchito yosalongosoka.

Ndine mlongo wanu uja wa penti m'tsitsi.