Bokosi lija si la anamapopa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Likhubula tilipo, amayi miyendo yasiya kutupa, koma ine ndili ndi bala pamutu chifukwa cha pakamwa panu.

Ndinakutumizirani chithunzi nditasenza bokosi la anthu ofufuza miyala m'phiri, inu n'kuchimwaza pa foni kuti ndikunyamulira anamapopa. Lachiwiri ndikutsika, anthu anandizinga, miyala ili m'manja. Atamva bokosilo likulira kuti tetete, wina anakuwa, "Imvani, likuwerenga magazi!"

Mayi wotsogolera ofufuzawo, amene ndinkatsika naye, analigunditsa pamkono wanga, silinasinthe kaliridwe. Ataliika pamwala wa m'phiri, linalira ngati lapenga. Anafotokoza kuti m'kati muli kamwala konga galasi. Mphamvu yosaoneka yotuluka m'miyala ina ikakagunda, kamang'anima, ndiye makina amawerenga kung'animako. Basi. Anthu anabalalika mwamanyazi, koma mwala umodzi unali utandipeza kale.

Muimbire aliyense amene munamuuza bodzali, mubweze mawu anu. Mulungu akusungeni kumeneko. Mwala anandigenda nawo uja ndausunga, mudzaupeza pampando wanu.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane